Masitepe Khumi ndi Anayi

1. Sitepe yachitatu

Nyumba yawo inali pamwamba pa shopu yometera. Kuchokera m'shopu kufika pakhomo la nyumba panali masitepe a matabwa khumi ndi anayi, ndipo sitepe iliyonse inali ndi kaliridwe kakekake. Munthu akamakwera, wokhala pansi ankadziwa pamene wafika ngakhale osayang'ana.

M'mawa wa Lolemba limenelo Tsabola anali pamwamba, akumanga zingwe za nsapato. Dzinali anamupatsa ndi anzake akusukulu chifukwa cha kupsa mtima kwake, ndipo linamutsatira mpaka kuchipatala kumene ankaphunzira ntchito yotenga magazi.

Anamva mkulu wake akukwera ndi beseni la matewera. Kwee. Kwee. Kwee. Kenako zii.

Atasuzumira anamuona atakhala pa sitepe yachitatu, beseni lili pamiyendo, akupuma wefuwefu ngati wathamangitsidwa ndi galu.

"Achemwali, mwaimanso?"

"Ndikupuma kaye. Kapena kupuma analetsa?"

Mkulu wakeyo anali atabwerera pakhomo masabata asanu ndi limodzi apitawo, atangochira mwana wake woyamba. Mwamuna wake ankayendetsa magalimoto a katundu maulendo ataliatali. Chichirireni mutu sunkamupatsa mtendere, chizungulire ndiye chosanena.

Tsabola anatsika, nalanda beseni lija, kenako anakokera pansi chikope cha mkulu wake ndi chala. M'kati munali mbuu ngati pepala.

"Ndisiye iwe! Udokotala wa miyezi itatu womwewo?"

"Achemwali, magazi mulibe m'thupimu."

"Magazi alimo ambiri," anatero mawu kuchokera pansi. Anali bambo awo, akusesa tsitsi la dzulo. "Kungoti ndi oipa. Masana ndikatseka shopu ndimulumikanso. Lero ndi Lolemba."

Kulumika inali ntchito yachiwiri ya bambowa. Ankacheka timabala pamsana pa wodwala ndi lezala watsopano, n'kutenthetsa makapu a galasi, n'kuwavindikira pamabalapo kuti akoke magazi. Mwana wawo wamkulu anali atamulumika kale katatu, Lolemba lililonse.

"Ababa, mukumupha!"

Tsache linaima.

2. Chenjezo la wometa

Bambowo sanakuwe. Anakhala pampando wometerapo, nayang'ana Tsabola kudzera pagalasi lalikulu la pakhoma.

"Bwera pano. Imirira pomwepo, undimve bwino, chifukwa sindibwerezanso.

"Makapu awa anali a agogo ako. Ine ndalumika anthu a mumsewu muno zaka makumi atatu. Wokonza nsapato uja ankalephera kutembenuza khosi, lero akuyang'ana akazi a eni mbali zonse. Palibe amene ndinamutengera kumanda. Lezala ndimatsegula watsopano pamaso pa munthu. Makapu ndimawiritsa. Sindine wamisala.

"Koma kumene ukupita m'mawa uliwonse ndi chovala choyeracho, ndinapititsako mayi ako akuyenda okha. Anakwera basi okha, anatsika okha. Tsiku loyamba anabwera anthu ndi timabotolo. Tsiku lachiwiri timabotolo. Ndikafunsa kuti dzulo lija mwapezamo chiyani, amati dikirani. Ndikafunsanso amati kanatayika, titenganso. Mikono ya mayi ako inada bii ndi singano. Atasowa mtsempha m'mikono anapita kumapazi. Sabata yachitatu ndinabwera nawo kuno m'bokosi.

"Iwe unali ndi zaka khumi ndi chimodzi, sunaone. Ine ndinaona. Ndinakulola kuphunzira ntchito imeneyo chifukwa uli ndi mutu wouma ngati wanga. Koma mwana wanga wina sapondako kumeneko. Magazi ake akatuluka, atulukira m'nyumba muno, ine ndikuona kuchuluka kwake. Wandimva?"

"Ndamva. Koma sindinavomere."

"Pita kuntchito, wachedwa."

Mkulu wake anali akadali pa sitepe yachitatu. Kumwamba mwana anayamba kulira.

3. Kabotolo m'thumba

Chipinda chotengera magazi chinali chaching'ono: mipando iwiri, sinki, tebulo lachitsulo ndi zenera limodzi losatseguka bwino. Panja benchi inali yodzaza kale, ena atakhala pansi.

Mwini chipindacho anali bambo wina wa imvi, wotsala chaka chimodzi kuti apume pantchito. Aliyense ankawatchula kuti a Mtsempha, chifukwa mtsempha wobisala kwa anamwino onse unkatulukira iwo akangogwira mkono. Ankayenda mokoka miyendo, ndipo ankayasamula ngakhale pakati pa chiganizo.

M'mawa wonse Tsabola anagwira ntchito osayankhula. Kufunsa dzina, kumanga lamba pamkono, kupukuta, kubaya, kumasula lamba, thonje, kulemba dzina pakabotolo wodwala akuona. Wotsatira. Mayi wina wonenepa anamuuza kuti, "Mwanawe, nkhope imeneyo ndi singano siziyenderana. Ndibayeni ndinu, bambo."

Nthawi ya tiyi itakwana, a Mtsempha anapita kusinki. Tsabola anatsegula kabati mwachangu. Singano imodzi, kabotolo kamodzi ka chivindikiro chofiirira, magolovesi. Zonse m'thumba.

"Kamenako ukalembapo dzina la ndani?"

A Mtsempha sanatembenuke n'komwe. Ankasamba m'manja, msana uli kwa iye.

Tsabola anayamba kukana, koma anasiya. Kenako zonse zinatuluka nthawi imodzi: mkulu wake, chikope choyera, makapu, Lolemba.

"Ndikamutenga magazi pang'ono ali mtulo masana ano, kapena ndimugwira mwamphamvu, alibe nyonga zolimbana nane. Ndilembapo dzina lililonse. Zotsatira zikatuluka ndikawaponyera bambo kumaso. Makapu awowo ndikawaswa limodzilimodzi. Zachikale! Zaumbuli!"

"Wamaliza?"

"Sindinamalize!"

"Khala pansi, umalizira uli pampando."

4. Chenjezo la a Mtsempha

A Mtsempha anapukuta manja, nakhala pampando wa odwala, natambasula miyendo.

"Pakhomo pa shopu ya bambo ako pali mtengo wa mizere yofiira ndi yoyera?"

"Ulipo. Ndinaupenta ndine."

"Ukudziwa chimene unapenta? Amati chofiiracho ndi magazi, choyeracho ndi nsalu zomangira mabala. Ntchito yathu ino, mwana iwe, ndi mwana wa ntchito ya bambo ako. Usaitukwane nyumba imene unabadwiramo.

"Kwa zaka pafupifupi zikwi ziwiri madokotala, osati a m'makona ayi, madokotala enieni owerenga mabuku, ankakhulupirira kuti m'thupi muli madzi a mitundu inayi: magazi, makhololo, ndulu yachikasu ndi ndulu yakuda. Munthu akadwala ankati amodzi achuluka. Tsono osavuta kuchotsa ndi ati? Magazi. Thupi latentha, cheka. Chifuwa, cheka. Mutu, cheka. Wodwala akakomoka ankati eya, mankhwala agwira. Ena ankaweta misundu m'mitsuko, n'kumaiika pathupi la munthu kuti iyamwe. Mafumu ankachekedwa, osauka ankachekedwa. Ndipo nthawi zambiri dokotala ankangolamula, wogwira mpeni anali wometa.

"Anthu amenewo sanali mfiti. Ankawakonda odwala awo. Wodwala akachira ankati ndi mpeni uja. Akafa ankati tinachedwa kucheka. Ukuona msampha wake? Mpeni sunkalakwa ndi tsiku limodzi lomwe.

"Ukudziwa chimene chinayamba kugwetsa zimenezi? Si kukuwa. Si kuswa makapu. Zaka pafupifupi mazana awiri zapitazo dokotala wina anatopa ndi kungokhulupirira, anayamba kuwerenga. Anatenga odwala chibayo. Awa anachotsedwa magazi msanga, awa mochedwa. Afa angati uku, afa angati uku? Anapeza kuti ochotsedwa msanga aja ndiwo ankafa ambiri. Ngakhale pamenepo anthu sanasiye tsiku lomwelo. Chizolowezi sichifa ndi nkhwangwa imodzi. Mpaka lero alipo matenda ochepa amene timachotsa magazi dala, koma timayamba tayeza.

"Iwo ankatenga ambiri n'kukataya. Ife timatenga pang'ono kuti tione. Ndipo timapempha, ndipo timalemba dzina lenileni mwini wake akuona. Kusiyana kwathu ndi kokhako. Iwe ukamubaya mkulu wako ali mtulo, n'kulemba dzina labodza, ukhala woipa kuposa bambo ako. Iwo amamuuza kuti gona apa, ndikucheka. Nanga kabotolo ka dzina labodza kakatuluka, magazi akamuika ndani? Dzina labodzalo?"

Tsabola anayang'ana pansi. Kenako mutu unadzukanso.

"Inu mumapempha? Bambo akuti amayi anga munawamaliza kuno ndi timabotolo. Tina kumatayika, n'kumatenganso. Pamenepo munapempha?"

A Mtsempha sanayasamule.

"Chaka chiti?"

"Zaka zisanu ndi zitatu zapitazo. Bambo amati wodi ya amayi, bedi la pazenera."

A Mtsempha anaimirira, nabwerera kusinki, nayambanso kusamba m'manja amene anali atangosamba. Anasamba nthawi yaitali.

"Bwezera zimenezo m'kabati," anatero. "Ndikupatsa maola awiri. Ukabwere naye mkulu wakoyo akuyenda, ndi dzina lake. Usakakuwe. Bambo ako ukawapatse choti awerenge."

Tsabola anatulutsa singano, kabotolo ndi magolovesi, naziika patebulo. Anavula chovala choyera, natuluka.

5. Kuwerenga

Anapeza shopu itatsekedwa kale. Analowera kukhomo la kumbali.

M'kachipinda ka kuseri kwa galasi mkulu wake anali atagona chafufumimba pabenchi, msana uli pamtunda. Zipsera za masabata atatu zinali m'mizere, zina zisanapole. Mwana anali mtulo m'dengu pansi. Pathireyi panali makapu anayi, kandulo yoyaka ndi lezala ali m'pepala lake.

Manja a Tsabola anafuna thireyi ija. Anawapinda kumbuyo.

"Wathamangitsidwa kuntchito?" anafunsa bambo ake.

"Ayi. Ndabwera kudzafunsa funso limodzi. Mukandiyankha ndituluka, mupitirize."

"Iwe funso limodzi? Lero kugwa mvula."

"Masitepe athuwa ndi angati?"

"Usandiseweretse."

"Ndi angati, ababa?"

"Khumi ndi anayi. Ndinakhoma ndine."

"Achemwali atangobwera ndi mwana, musanawalumike, ankakwera angati osapuma?"

Bambowo anayamba kung'amba pepala la lezala. "Onse. Pang'onopang'ono, koma onse."

"Mutawalumika koyamba?"

Bambowo anapitiriza kung'amba pepala lija.

"Inu mumakhala pansi pano tsiku lonse. Mphaka akakwera mumadziwa sitepe imene waponda. Mutawalumika koyamba ankaima pati?"

"Pa yakhumi. Ija yolira ngati chitseko."

"Kachiwiri?"

"Amakhala atanyamula madzi."

"Sindinafunse za madzi."

"Pa yachisanu ndi chiwiri."

"Kachitatu?"

Anayankha ndi mkulu wake, nkhope ili m'thawulo. "Lachinayi ndinaima pa yachisanu. Lero pa yachitatu."

"Khumi ndi anayi. Khumi. Asanu ndi awiri. Atatu," anatero Tsabola. Mawu ake sanakwere. "Ine sindinawerenge ndi makina a kuchipatala. Mwawerenga ndinu, ndi makutu anu. Mukawalumika lero, mawa aima pati? Kutsogolo kwa atatu kwatsala chiyani, ababa?"

Bambo ake anayang'ana lezala m'dzanja lawo. Anayang'ana msana wa mwana wawo. Kandulo inkadontha pathireyi.

"Mutu umaleka ndikamulumika," anatero motsitsa. "Wanena yekha."

"Ndimanena kuti musadandaule," anatero mkulu uja. Anadzuka movutikira, nadzifunditsa nsalu. "Ababa, dzulo mwanayu anatsala pang'ono kundipulumuka m'manja. Maso anachita mdima. Sindinakuuzeni. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ine ndikufuna ndipite."



Bambowo ananyowetsa zala ziwiri, nazimitsa kandulo.

"Kabotolo kamodzi," anatero. "Kamodzi kokha. Ndipo ine ndiima pomwepo. Akatulutsa kachiwiri, ndimunyamula pamsana kubwera naye kuno."

6. Kabotolo kamodzi

Anafika dzuwa litapendeka. Benchi inali idakali yodzaza, koma mayi wina ataona milomo ya wodwalayo anasuntha yekha. "Lowetsani ameneyu, ife tazolowera kudikira."

Tsabola anatenga magolovesi. A Mtsempha anamulanda.

"M'bale sabaya m'bale. Iwe gwira mwana."

Anafunsa dzina, natchula chimene akufuna kuchita, nafunsa ngati mwini mkono walola. Singano inalowa kamodzi. Analemba dzina pakabotolo, nakakweza m'mwamba kuti wometa akaone bwino.

"Ndi kameneka. Supuni imodzi siikwana. Ndikapereka ndekha kwa oyeza magazi, ndipo ndikaima pomwepo mpaka atayeza."

Anabwerako patapita theka la ola ali ndi dokotala wamkazi wa maso otopa. Dokotalayo anagwira dzanja la wodwala, natembenuza chikhatho.

"Magazi anu sakufika ngakhale theka la oyenera. Mwafika bwanji kuno mukuyenda? Pochira munataya ambiri, ndipo zikuoneka kuti mukutayabe. Mugona kuno. Tikuikani magazi lero lomwe." Ataona zipsera za pamsana anafunsa, "Izi wachita ndani?"

Tsabola anatsegula pakamwa, koma bambo ake anamuyambirira.

"Ndine. Ndine bambo wake."

Dokotala anafuna kunena kanthu. A Mtsempha analowererapo. "Magazi ambiri anapita pochira. Makapu anatenga otsala. Koma wabwera naye ndi yemweyu, adokotala. Tiyeni tipite kutsogolo."

M'firiji munali thumba limodzi lokha la magazi a gulu lake. Anamukweza panjinga ya odwala, napita naye kuwodi, mwana ali m'manja mwa namwino. Bambo ake anatsatira mpaka pakhomo la wodi, naima pamenepo, akuyang'ana thumba lofiira likupachikidwa pachitsulo.

"Amenewo ndi a ndani?" anafunsa.

"Sitikumudziwa," anatero a Mtsempha. "Munthu wina anabwera tsiku lina, anapinda malaya, anapita kwawo. Thumbali linali lomaliza. Wina akabwera mawa ngati mwana wanuyu, apeza firiji ili pululu."

"Tengani anga," anatero Tsabola.

"Iwe sikelo inakukana kale mwezi watha. Ukuonda ndi mkwiyo."

7. Mkono wa wometa

Palibe amene anawapempha bambowo. Anaima pakhonde paja, manja m'thumba, mpaka dontho loyamba linatsika m'chingwe. Kenako anatembenuka.

"Chipinda choperekera magazi chili kuti?"

Anawafunsa mafunso ambiri, nawayeza, nawagoneka pabedi lopapatiza. Tsabola anaima kumutu. Kwa zaka makumi atatu bambo ake anali atatulutsa magazi a theka la msewu wawo, koma awo anali asanatulukepo ndi dontho lomwe, kupatula podzicheka ndi lumo. Anapinda mkono wa malaya mosamala, katatu, ngati akukonzekera kumeta mkwati.

"Mitsempha yabwino," anatero a Mtsempha. "Ngakhale wophunzira wangayu sangaphonye."

"Ameneyo asandiyandikire. Ali nane chifukwa."

Singano inalowa. Bambowo sanaphethire. Anayang'ana chingwe chikufiira mpaka m'thumba, kenako anayang'ana kudenga.

"Lero mwana wanga wandiphunzitsa kuwerenga," anatero. "Koma asaganize kuti ndayamba lero. Ndinawerengapo kale, m'chipatala chomwe chino. Timabotolo makumi awiri ndi titatu, m'masabata atatu. Ndinkaika kamtengo ka machesi m'thumba la malaya pa kabotolo kalikonse. Mpaka lero palibe anandiuza chimene anapezamo. Anga awa ndapereka ndekha, ndipo ndikudziwa kumene akupita. Tsono inu achikulire, mwakhalitsa pano. Ndiuzeni. Magazi a mkazi wanga anapita kuti?"

A Mtsempha anamata chingwe pamkono ndi pulasitala. Anayang'ana Tsabola, nayang'ana chitseko. Anapita kukachitseka, nakoka mpando, nakhala pafupi ndi bedi.

"Bedi la pazenera," anatero. "Akazi anu ankandiuza kuti ndizibaya mkono wamanzere, chifukwa wamanja ndi woluka tsitsi la ana ake."

Dzanja la wometa linaleka kufinya kampira kamene anamupatsa.

"Finyani, bambo, thumba lisaime," anatero a Mtsempha. "Pa makumi awiri ndi titatu timeneto, khumi ndi kamodzi ndinatenga ndine. Tsabola, khala pansi. Zimene ndinene tsopano sizili m'buku lako."